Kadontho ka Oumira

Lolemba, 2 Juni 2025, Mitundu

Kope latsopano. Lakale linatayikiridwa kyutekisi wofiira, masamba onse kumatana.

Nkhani yaikulu: Loweruka pa 14 Patson akukandionetsa kwa amayi ake ku Nathenje. A Nangondo. Sindinawaonepo maso ndi maso. Patson sanandibisire: "Amayi akakukana, Tamanda, ine ndilibe pogwira." Mwamuna wamkulu ndithu, wowotcherera zitseko zachitsulo tsiku lonse, koma akatchula amayi ake mawu amachepa.

Anakana kale wina. Everlyn, wa masukulu ake. Mlandu wake: anamupatsa madzi akumwa, iye gubidi gubidi, n'kubweza kapu osanena zikomo. Basi. Ukwati unathera pa kapu. Ine zimenezo ayi. Ndikathokoza ndi mphasa yomwe.

Ntchito lero ya zii. Anthu atatu okha. Katebulo kanga pomwe paja, pakona ya saluni ya Anti Idesi, pakati pa dilaya ndi ndowa ya madzi.

Ndawasowa makasitomala a m'tauni. Ku Lilongwe kumene ndinaphunzira ntchitoyi, ukamaliza kumupaka munthu zikhadabo amalipira, kenako n'kukupisira kena m'dzanja: "Ya Fanta iyi." Kuno ku Mitundu? Munthu amalipira, n'kukhalabe pampando, manja ali pa tebulo: "Nanga basera?" Basera! Ngati ndikugulitsa tomato. Zala n'khumi, mayi, chinacho ndikachitenga kuti?

Lachitatu, 4 Juni

Anthu ambiri lero. Ndalama za fodya zayamba kulowa m'midzi muno, azimayi akufuna kuwala. Msana wanditheratu.

Ndilembe za kadontho, ndikadzakalamba ndizidzaseka. Tinapangana ndi Jenipher, mnzanga wa ku kosi, amene ali ndi tebulo lake ku Nathenje. Kasitomala akapempha basera m'malo mosiya ya Fanta, timamuika kadontho koyera pa chikhadabo cha kachala kotsiriza, dzanja lamanzere. Iye amapita akumwetulira kuti wapata. Ife tikakaona timadziwa: woumira uyu, osataya mafuta n'kumusisita manja, kumupaka kamodzi azipita. Anthu a kuno ndi a ku Nathenje amayenderana pa maliro, pa maukwati, pa zampingo. Ndiye kadonthoko kamayenda nawo, kumatifikitsira uthenga ulele.

Lero kagwera mkazi wa ahedi. Kachitatu! Ndinawamva pakhomo akuuza anzawo kuti ndi sitayilo ya ku Joni. Ndinadziluma lilime mpaka misozi.

Koma pali vuto. A nesi Edith, amene sachoka osandisiyira kanthu, akufuna kadontho nawonso. "Bwanji ine sumandiika? Ukundimana?" Ndinati zoyera sizikhala pa khungu lawo. Ndinawajambulira kaduwa m'malo mwake. Apita akunyinyirika, ya Fanta asiyabe. Ambuye andikhululukire.

Lachisanu, 6 Juni

Kuzizira. Magetsi alipo, zodabwitsa.

Kwabwera amayi ena achikulire, achilendo. Nkhope sindinaisunge, ine anthu ndimawaloweza manja. Awa manja a fodya enieni. Phula lakuda m'mizere monse, zikhadabo zong'ambika, chipsera cha chikwakwa pa chala chachikulu. Anti Idesi anachita tsinya, kuopera thaulo lawo loyera. Ine ndinatenthetsa madzi. Mandimu, sopo, kuviika, kukwecha pang'onopang'ono. Ola lathunthu. Manja ofanana ndi a malemu amayi anga. Ndinatsala pang'ono kulira, ndinanamizira fungo la mankhwala.

Koma mafunso! Kwanu n'kuti, umapemphera kuti, umatha kutendera chisoso, uli pabanja. Ndinati ayi, koma alipo wina wa zitsulo amene akundizungulira, makutu ake aakulu ngati zitseko zimene amawotchererazo. Anatsokomola. Ndinawapatsa madzi. Iwo ndiye anathokoza kawiri.

Anasankha kyutekisi wotuwa, wosaonekera patali. Akuti ndi a Chigwirizano, zofiira abusa angakomoke. Ndinawapaka wa jelo, wolimba uja, n'kuumitsa m'kamakina.

Kulipira: anamasula mfundo ya chitenje, yeniyeni ya pa mtengo, osapyola. Ndinadikira. Anamanganso mfundo ija. Kenako: "Mwana wanga, kuno basera kulibe?"

Ola lathunthu ine ndikukwecha phula! Ndinamwetulira bwinobwino, n'kutola kaburashi. Kadontho ka jelo, kuumitsa kawiri. Kameneko sikachoka olo akumbe mbatata ndi manja. Anakayang'anitsitsa n'kufunsa kuti katanthauzanji. Ndinati ndi ka anthu apadera.

Loweruka, 7 Juni

Pobwera kogula chipisi ndapeza thumba pansi pa tebulo langa, lomangidwa kukamwa ndi mpango wobiriwira. Mtedza! Wa chalimbana, wosenda kale, wosankhidwa, wopanda ndi kamodzi komwe kofumbwa. Anti Idesi anali pa mutu wa munthu, zingwe za mesh kukamwa. Anangoti: "Katundu wako, wachokera ku Nathenje. Wasiya Alick wa kabaza."

Jenipher ameneyo. Amayi ake amalima. Mtsikana wa pakamwa koma wa mtima. Ndimuthokoza ndikagula bandulo.

Ndakazinga pang'ono. Ee, kukoma kwake!

Kwatsala sabata imodzi. Ndayesa kugwada pagalasi la m'saluni, siketi yabuluu ikukwera. Ndivala chitenje pamwamba.

Lolemba, 9 Juni

Ndinalemba chikwangwani pa katoni: YA FANTA SILETSEDWA. Pansi pake kambale. Chakhala theka la ola. Anti Idesi achichotsa: "Pano si pa tchalitchi, kuti tiziyendetsa mbale." Katoni akupepesera mbaula.

Chabwino. Malamulo ndilemba muno, momwe sangawang'ambe. Ya Fanta sapempha. Saulutsa. Sapereka kwa mwini saluni kuti "mumpatse mwanayo", chifukwa mwanayo saiona. Amaipinda, n'kuipisa m'dzanja la amene wagwira ntchito, maso ali kwina. Ndipo amaipereka pompo, munthu asananyamuke. Za "ndidzakuona" ndi nyimbo chabe.

Madontho awiri lero. Mmodzi mkazi wa wogula fodya, foni ziwiri m'manja, kupempha basera osaphethira.

Zikhadabo zanga zazitali ndadula. Ndikaoneke wogwira ntchito kwa a Nangondo. Zala zikuoneka zamaliseche.

Mtedza wafika pakati. Wina ndasinja, wina ndagawira a nesi. Bandulo ndinagula, yathera kuonera masitayilo a chinkhoswe. Jenipher ndimuimbira mawa.

Lachitatu, 11 Juni

Zathina.

Jenipher waimba yekha. Lolemba anakangana ndi kasitomala, mkwiyo utakwera n'kulavula: "N'chifukwa chake anakuikani kadontho ka oumira ku Mitundu!" Pa saluni podzaza anthu. Pofika dzulo Nathenje yense wadziwa. Akuti azimayi akupala zikhadabo ndi malezala. Pakamwa pa Jenipher, Ambuye, bwenzi mutaikapo loko.

Ndinamukalipira, kenako ndinakumbuka ulemu, n'kuti komabe zikomo chifukwa cha mtedza. Iye: "Mtedza wanji? Amayi chaka chino analima soya."

Nanga wachokera kwa ndani?

Masana nkhani inali itafika kuno. Mkazi wa ahedi analowa osapereka moni, dzanja lamanzere m'chitenje. Analitulutsa, kuliika pa tebulo, phwii. Ndinafufuta, mutu uli pansi. Ponyamuka anandiponyera ya Fanta pamiyendo. Yoyamba chibadwire! Ndinaitola ndithu, manyazi sagula sopo.

A nesi Edith atamva anaseka mpaka kukhala pa ndowa. "Ndiye ine ndimalirira chizindikiro cha oumira?" Anti Idesi sanaseke. Akuti wina akadzabweranso atakwiya, katebulo kanga kakagona panja.

Lachinayi, 12 Juni

Ndafa ine.

Patson anabwera nthawi ya nkhomaliro, akuseka yekha. Mlongo wake wamuimbira. Amayi apaka zikhadabo, koyamba m'moyo mwawo! Sabata yatha ananyamuka m'mamawa osanena kopita, n'kubwera madzulo manja akuwala. Ndiye ku Chigwirizano azimayi anawazungulira, kuloza kachala kotsiriza, kuseka mpaka mlembi kuwaletsa. Patson sakudziwa chimene amaseka. Amuna samva nkhani za m'saluni.

Ndinaika chipisi pansi. Ndinafunsa ngati amayi ake ali ndi chipsera pa chala chachikulu. Iye: "Cha chikwakwa. Wadziwa bwanji?"

Chithunzi chawo anandionetsapo pa foni, kawiri konse. Ine n'kumayang'ana chiyani? Manja sanatuluke pa chithunzipo.

Anabwera kudzandizonda. Ulendo wonsewo, pa njinga yamoto, m'fumbi, kudzaona mkazi wa mwana wawo. Ine n'kuwadinda chidindo cha oumira, n'kuumitsa kawiri. Ndiponso makutu! Ndinanena za makutu a mwana wawo!

Ndinathamangira pa siteji kukasaka Alick. Anati inde, thumba lija anamupatsira ndi a Nangondo, Loweruka m'mawa, ndipo uthenga anausiya kwa Anti Idesi. Uthenga wake: "Mukamuuze mwana wopaka uja kuti zikomo kwambiri chifukwa cha dzulo, manja anga sananyansidwe nawo."

Anti Idesi: "Aa, ndimayesa ndinakuuza."

Ndatsanulira thumba m'mbale. Watsala wosadzaza kapu. Everlyn anamwa madzi okha. Ine ndadya thumba lonse, masiku asanu, osanena kanthu.

Patson ndamuuza zonse madzulo ano. Sanakalipe. Anakhala pa njerwa, kugwira makutu ake aja, n'kungoti: "Tamanda, Tamanda." Bola akanakalipa. Ndimamukonda munthu ameneyu, ndipo ndikuopa.

Lachisanu, 13 Juni

Maganizo a lero, onse opusa.

Kudwala malungo. Patson wakana, akuti amayi angabwere ndi phala.

Kunamizira Jenipher. Koma kaburashi kanali m'dzanja langa.

Kunyowetsa thonje ndi mankhwala ofufutira, kulibisa m'manja, popereka moni n'kuwagwira kachalako mwaulemu, kutikita. Ndayesera pa Anti Idesi. Akuti ndikununkha ngati galaja. Komanso jelo sachoka ndi moni, ndinaumitsa ndekha.

Kuwaimbira foni, kuthokoza lero. Patson akuti ayi, zikomo wa pa foni patatha sabata n'chipongwe china.

Ndachapa mpango wobiriwira uja, kuusita. Subwerera wopanda kanthu, izi zokha ndiye amayi anandiphunzitsa. Ndamangamo shuga, sopo ndi mafuta odzola m'manja, abwino aja ndimabisira a ya Fanta. Mabotolo anga ndalongedza m'chikwama, mwina adzalola ndiwafufute.

A nesi anadutsa kudzandilimbitsa mtima. Akuti ndikangonena zoona. Iwo n'ngosavuta kunena, ukwati wawo unachitika kale.

Loweruka, 14 Juni, m'mawa

Chitenje, mpango kumutu, nsapato zafulati. Njinga ya Alick ili panja, Patson akuimba belu ngati kwapsa.

Ndikabwera wopanda mwamuna, kope iwe usandifunse.

Lamulungu, 15 Juni

Ku tchalitchi sindinapite. Miyendo ikuwawa ndi kugwada.

Tinafika cha m'ma 10. Nyumba ya njerwa zootcha kuseri kwa msika wa Nathenje, chigafa cha fodya pambali. Pakhonde anthu anayi: a Nangondo, amalume ake a Patson a Zakeyu, mlongo wake, ndi amayi ena a Chigwirizano amene anangobwera "kudzabwereka sefa". Sefayo sanaitenge mpaka madzulo.

Ndinagwada patali. Maso anga kumanja kwawo, mwachizolowezi. Kyutekisi yense anatha, phula linabwerera m'mizere. Koma kachala kotsiriza ka kumanzere kanali komanga ndi kansanza. Ndinati mwina apala ndi lezala n'kudzicheka.

Moni, moni. Ndinapereka mpango. Anaumasula, kuona zam'katimo, kuika pambali. Kenako anayamba kumasula kansanza kaja, pang'onopang'ono, anthu onse akuona. Kadontho kali mbee, ngati ndapaka dzulo. Akuti amakamanga potsuka mbale ndi posankha fodya kuti kasafufutike ndisanafike.

Anafunsa funso lomwe lija: "Mwana wanga, kameneka katanthauzanji?"

Za anthu apadera zinafika pa lilime. Ndinazimeza. Ndinati ndi ka oumira, amayi, timaika anthu amene sasiya ya Fanta. Ndinalakwa. A Zakeyu anayang'ana kudenga. Patson anali ngati akuwerenga nyerere.

Sanakweze mawu. Anati iwo sapisa ndalama m'dzanja la munthu amene wawachitira zabwino, ngati akumuthamangitsa. Amapita kunyumba, kugona nazo, m'mawa n'kutumiza zikomo wooneka ndi maso. Mtedza uja anasenda okha, ndi zikhadabo zatsopanozo. Basera anapempha dala, kuti aone ngati ndili ndi dzanja lopatsa. "Ndiye unandipatsadi."

Amayi a sefa aja anaseka mpaka kutsamwa.

Kenako anafunsa ngati mtedzawo unali wokoma. Ndinati kwambiri. Anati iwo masiku asanu ndi awiri akhala akutchera khutu ku msewu, kudikira zikomo wochokera ku Mitundu. "Tsono pakati pa iwe ndi ine, woumira ndani?"

Ndinalira. Osati zonamizira fungo la mankhwala, kulira kwenikweni, mamina ndi misozi. Ndinati ndine. Ndinatulutsa mabotolo kuti ndiwafufute. Anabweza dzanja. Anati kawo kakhale, anakalipira ndi ulendo. Anatola botolo loyera, kulipenda, n'kuti ndibweretse dzanja lamanzere.

Sanagwirepo kaburashi chibadwire. Lilime panja. Dontho lake ngati nyemba, lina kutsikira pa khungu. Anauzira ndi pakamwa kuti liume. Ndinati zikomo. Anati ndanena msanga, ndiyambe ndaona ngati lakhala bwino. Ndinati zikomo kachiwiri.

Anati ndisalifufute, ndipo likayamba kutha ndizibwera adzawonjezere. Ndizigwira nalo ntchito, Mitundu yonse ilione, mkazi wa ahedi alione. "Ndidzakufufuta ndekha pa chinkhoswe."

Ndinangoti chabwino amayi, manyazi ali tho. Tinadya. Ndinathokoza madzi osamba m'manja, ndinathokoza mchere, ndinathokoza mpaka mlongo wake wa Patson anandigwira pakamwa. Potsanzikana a Nangondo anandinong'oneza kuti makutu a Patson aja ndi a bambo ake, iwonso anawaseka zaka makumi atatu.

Tili pa njinga, tadutsa kale mlatho, fumbi lili kobo, ndi pamene mawu aja anandifika. Ndinamenya Patson pamsana, Alick kutsala pang'ono kutigwetsera m'chimanga chouma. Ndinakuwa kuti anati chiyani, anati pa chiyani? Patson akuseka, makutu ali piriwiri: "Wamva liti iwe? Amalume atchula kale Ogasiti!"

Anti Idesi andipeza m'mawa uno ndikutsuka mathaulo. Aona chidonthocho, akuti n'chonyansa, chithamangitsa makasitomala, mankhwala ofufutira ali apo.

Ndang'amba kansanza ku chitenje chakale. Ndamanga.